Timabuku ta mphamvu tomwe tinkabwera pa positi

Ndimasunga timabuku takale ta masewera olimbitsa thupi, tija anthu ankaitanitsa pa positi. Mapepala ake anachita chikasu, ena njenjete zinadya m'mphepete, koma chithunzi cha pachikuto sichisintha: bambo wovula malaya, wapinda mkono kuti minofu ioneke.

Tomwe ndimawerenga mobwerezabwereza ndi ta Charles Atlas, katswiri wa masewera olimbitsa thupi wa ku America. Dzina lake lenileni linali Angelo Siciliano, anabadwira ku Italy mu 1892 n'kukulira ku Brooklyn. Mu 1929 anagwirizana ndi wotsatsa malonda Charles Roman, ndipo pambuyo pake maphunziro awo a Dynamic Tension, masewera olimbitsa thupi osagwiritsa ntchito zitsulo, anayamba kulengezedwa m'magazini a zithunzi omwe anyamata ankawerenga. Kankhani kake kanali kamodzimodzi. Mnyamata wowonda ali kugombe ndi chibwenzi chake, chimunthu china chikumuwaza mchenga kumaso, mtsikana uja akumunyoza. Mnyamatayo atumiza kuponi, achita masewera mphindi 15 patsiku, kenako abwerera kugombe kukachithira chibakera chimunthu chija. Atlas ankati nayenso poyamba ankalemera mapaundi 97 okha, pafupifupi makilogalamu 44.

Apa m'pamene mtima umandipweteka. Ine ndinakula ndili wowonda, ndipo ndikudziwa mmene mwana amamvera anzake akamaseka nthiti zake. Otsatsawo ankadziwanso. Ankayamba amutokosa pachilonda, kenako n'kumugulitsa mankhwala ake.

Masewerawo pawokha sanali oipa ayi. Kukankhanitsa manja, kunjuta n'kudzuka, ma push-up, zonsezi zimalimbitsadi munthu amene akungoyamba kumene. Bodza linali pa lonjezo. Minofu imakula ukamaiwonjezera ntchito pang'onopang'ono, ukamadya mokwanira ndi kugona bwino, ndipo zimatenga zaka kuti ifike ngati ya pachithunzi paja. Ena saifikira n'komwe, chifukwa chibadwa nachonso chili ndi mbali yake.

Mabodza ena a nthawi imeneyo adakalipo mpaka lero. Ankati wonyamula zitsulo amauma thupi n'kulephera kuthamanga. Ankati ukasiya masewera minofu imasanduka mafuta, chonsecho izi ndi zinthu ziwiri zosiyana: minofu imangophwera, mafuta n'kuchuluka ngati ukudyabe ngati kale. Ndiye panali makina a lamba wonjenjemera, amene ankati amasungunula mafuta a m'chiuno. Thupi silichotsa mafuta pamalo pomwe mwini wake walozapo, kaya agwedeze, kaya apinde mimba kambirimbiri.

Kabuku kena komwe ndili nako kali ndi tsamba lolembapo miyezo ya thupi. Mwini wake woyamba analemba ndi pensulo kukula kwa mkono ndi chifuwa sabata iliyonse, mosamala kwambiri. Manambalawo sankasintha kwenikweni. Pa sabata yachisanu analekeza, mizere yotsalayo ilibe kanthu. Ndimamuganizira kawirikawiri munthu ameneyu, ndipo ndimaopa kuti anadziimba mlandu yekha, pomwe masabata asanu anali chiyambi chabe.