Zomwe ndaphunzira pa mayina a compatible mu devicetree

Mwezi uno ndakhala ndikuphunzira Zephyr, kapulogalamu koyendetsa tizipangizo tating'onoting'ono komwe Linux Foundation idakalengeza mu 2016. Chomwe chandidyera nthawi kwambiri ndi mzere umodzi wotchedwa compatible wa mu devicetree, fayilo yofotokoza zipangizo zomwe zili pa bolodi ya kakompyuta.

Chipangizo cha USB kapena PCI chikalumikizidwa chimadzitchula chokha ndi manambala ake. Sensa ya pa I2C, njira ya mawaya awiri yolumikizira ma chip, ilibe mwambo umenewo. Munthu ayenera kulemba kuti pa adiresi 0x76 pali chakutichakuti, ndipo dzina lomwe walembalo ndi lomwe limaitana driver, pulogalamu yoyendetsa chipangizocho. Dzinali limalembedwa pa mzere wa compatible. Sensa ya Bosch yoyeza kutentha ndi chinyezi imalembedwa "bosch,bme280": wopanga poyamba, mpatuliro, kenako mtundu wa chip, zonse m'zilembo zazing'ono.

Mayina a opangawo sangopekedwa. Linux ili ndi kaundula wake, vendor-prefixes.yaml, Zephyr nayo ili ndi vendor-prefixes.txt. Chizolowezichi chidachokera ku Open Firmware ya 1994, komwe ankakonda kutenga chidule chomwe kampani imadziwika nacho pa msika wa masheya. N'chifukwa chake Broadcom ndi brcm, Freescale ndi fsl.

Apa ndi pomwe ndidaima nthawi yaitali. NXP idagula Freescale mu 2015, koma ma chip a i.MX8, omwe adatuluka Freescale itagulidwa kale, amalembedwabe "fsl,imx8mq". Atmel nayo idalowa m'manja mwa Microchip mu 2016, komabe EEPROM zambiri (ma chip osunga deta) zimadziwikabe ndi "atmel,24c02", ngakhale zopangidwa ndi makampani ena. Kungoona, zimaoneka ngati ulesi. Si ulesi ayi. Pa Linux, devicetree ikhoza kukhala mu flash (mosungira zinthu) ya bolodi yomwe idagulitsidwa kalekale, ndipo kernel (mtima wa Linux) yatsopano iyenera kuizindikirabe. Ukasintha dzina, mabolodi amenewo sadzukanso bwino. Zili ngati dzina la mudzi: mfumu yomwe idaupatsa dzina idapita kale, koma makalata amafikabe ndi dzina lomwelo.

Chipangizo chimodzi chikhoza kukhala ndi mayina angapo, kuyambira lenileni mpaka lachibale. Bolodi ya Raspberry Pi 4 imati "raspberrypi,4-model-b" kenako "brcm,bcm2711". Loyamba likapanda wolidziwa, lachiwiri limagwira ntchito. Mayina ena alibe wopanga n'komwe, monga "gpio-leds" ndi "simple-bus".

Chomwe oyang'anira kernel amakana ndi kuika x m'malo mwa nambala pofuna kuphimba banja lonse la ma chip. Ine ndikugwirizana nawo. Amene akulemba lero sadziwa kuti kampani idzatulutsa chiyani mawa, ndipo chip yatsopano ikhoza kugwa m'dzina lomwelo koma ma register ake (malo omwe driver imalembamo ndi kuwerengamo) ali osiyana. Amakananso kutcha chipangizo dzina la driver, popeza devicetree imafotokoza chitsulo chomwe chili pa bolodi, osati pulogalamu.

Ku Zephyr kuli kamsampha kena. Devicetree imasandulika ma macro (mayina a m'chilankhulo cha mapulogalamu cha C) pa nthawi ya build, pomwe pulogalamu ikumangidwa, ndiye "bosch,bme280" imakhala bosch_bme280 mu DT_DRV_COMPAT, mzere womwe driver imatchulira dzinalo, chifukwa C salola mpatuliro m'dzina. Chilembo chimodzi chikaphonyeka, palibe chokuuza kuti dzina lalakwika. Driver imangokhala yopanda chipangizo, ndipo uthenga umabwera kumapeto kwenikweni kuchokera kwa linker (pulogalamu yolumikiza zigawo zonse pamodzi), wonena za __device_dts_ord_ ndi nambala. Nambala imeneyo umakaifufuza mu devicetree_generated.h kuti udziwe node, kapena kuti chipangizo cha mu devicetree, yomwe yasowa driver.