Zomwe ndalemba pophunzira kutchera taimingi ya VW Beetle 1600

Funso loti "taimingi ya Beetle ndi madigiri angati?" lilibe yankho limodzi, ndipo injini zambiri zimawonongekera pamenepa. Nambala yoyenera imadalira disitiributa (chipangizo chogawira moto ku mapulagi) imene ili pa injiniyo lero, osati chaka chimene galimotoyo inatuluka m'fakitale. Ku Uitenhage, m'dziko la South Africa, anasiya kupanga Beetle mu 1979, ndiye ganizani manja a amakanika amene galimoto yotere yadutsamo. Kawirikawiri disitiributa inasinthidwa kalekale, pule ya kirankishafuti, pomwe pamakhala zizindikiro za taimingi, nayo inachokera pa injini ina.

Pulagi imayenera kuthetheka pisitoni isanafike pamwamba penipeni, pamene amakanika amati TDC, chifukwa petulo wosakanikirana ndi mpweya saphulika kamodzin'kamodzi, amatenga kanthawi kuti apse yense. Injini ikamalira pa 900 rpm (kuzungulira ka 900 pa mphindi imodzi), kirankishafuti imayenda madigiri 5.4 pa milisekondi imodzi. Pa 3,000 rpm imayenda madigiri 18 pa nthawi yomweyo. Choncho liwiro likamakwera, moto uyenera kulawirira kwambiri. Ntchito yolawiritsayi imagwiridwa ndi tizitsulo tolemera tam'kati mwa disitiributa, totambasuka ikamazungulira, komanso kachitini ka vakyumu kapambali pake ngati kalipo.

Musanakhudze disitiributa, injini ikhale yozizira ndipo mpata wa mavavu utcheredwe pa 0.15 mm. Kenako mapointi, kaswichi kam'kati mwa disitiributa kamene kamatsegulidwa ndi kamu ya pa shafuti yake. Zungulizani injini mpaka kapulasitiki kotsamira pa kamu kakwere pansonga, muyeze mpata ndi feeler gauge (timalata toyezera mipata): ukhale 0.4 mm. Amene ali ndi mita ya dwell, yoyeza madigiri amene mapointi amakhala otseka, aone kuti ikusonyeza pakati pa madigiri 44 ndi 50. Dongosololi silosinthika, chifukwa mpata wa mapointi umasuntha taimingi: mukaukulitsa moto umalawirira, mukauchepetsa umachedwa. Mukatchera taimingi kaye n'kudzagwira mapointi pambuyo, ntchito yonse yapita m'madzi. N'chifukwa chakenso kamu imafuna kagirizi kochepa. Ikauma, kapulasitiki kaja kamadyeka, mpata umatsekeka pang'onopang'ono, galimoto n'kumafooka mwiniyo osadziwa chavuta.

Chachiwiri ndi kutsimikiza TDC, ndipo apa m'pofunika kudekha. Mapule a Beetle ali ndi timipata tosiyanasiyana: ena kamodzi, ena tiwiri kapena titatu, ndipo kampatako kangatanthauze TDC, madigiri 7.5 kapena 10 pisitoni isanafike, mwinanso madigiri 5 itadutsa kale. Kungokhulupirira kampata komwe mwakapeza n'kutchova juga. Chotsani waya wa batire, mutenge pulagi yakale yomwe mwaiboola n'kulowetsamo bawuti, muimange pa silinda 1, yomwe ili kudzanja lamanja chakutsogolo mukaima kumbuyo kwa galimoto. Zungulizani injini ndi dzanja mofatsa mpaka pisitoni igunde bawutiyo, mulembe chizindikiro pa pule molunjika msoko umene zigamu ziwiri za injini zimakumana. Zungulizani mobwerera mpaka igundenso, mulembenso. Pakati penipeni pa zizindikiro ziwirizo m'pamene pali TDC yeniyeni. Mukatha, chotsani pulagi ya bawutiyo, mubwezere pulagi yeniyeni ndi waya wa batire.

Mukaipeza, zotsalazo ndi masamu. Pule wamba ndi wa mamilimita pafupifupi 177 m'mimba mwake, choncho digiri imodzi ndi 1.54 mm m'mphepete. Madigiri 7.5 ndi 11.6 mm kumanja kwa TDC, madigiri 30 ndi 46 mm. Pakani penti yoyera pamalo atatuwo. Ngati pule yanu ndi yaing'ono, yezani nokha kuzungulira kwake mugawe ndi 360.

Kuti injini ilire, yambani ndi babu la 12V. Waya wina mulumikize pa namba 1 ya koyilo, pomwe pamachokera waya wa mapointi, wina pa chitsulo cha injini. Bweretsani chizindikiro cha 7.5 pa msoko uja mukuzunguliza motsata mivi ya wotchi. Mukapitirira, bwererani patali ndithu n'kuyambiranso, kuti kulekeza kwa magiya kusakunamizeni. Rota iloze kamzere kamene kali m'mphepete mwa disitiributa, ndiko kusonyeza silinda 1. Masulani nati ya 10 mm, tsegulani kiyi osaliza injini, potozani disitiributa motsata wotchi mpaka babu lizime, kenako mubweze pang'onopang'ono mpaka lingoyamba kuyaka. Mangani pomwepo. Kiyi musamusiye choyatsa nthawi yaitali, koyilo imatentha ndipo mapointi amapsa.

Nthawi zonse tcherani pa silinda 1. Moto umayenda 1-4-3-2, ndipo rota ikaloza 3 pule imaonetsanso chizindikiro chomwecho, koma madisitiributa ena akale anapangidwa dala kuti azichedwetsa moto pang'ono pa silinda 3, yomwe inkatentha kuposa zinzake chifukwa choziziritsira oyilo chinkatchinga mphepo yake. Mukatchera pa 3, masilinda enawo amalandira moto wolawirira mopyola.

Babu limangokufikitsani pakhomo. Ntchito yeniyeni imatha ndi timing light, nyali yothwanima nthawi imene pulagi ikuthetheka, injini itatentha. Ngati disitiributa ili ndi payipi imodzi ya vakyumu ndi tizitsulo tija, zulani payipiyo muitseke, mutchere pa 7.5 injini ikulira pa 850 mpaka 900 rpm. Ya mapayipi awiri, yomwe inabwera ndi injini zina za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, imafuna madigiri 5 pisitoni itadutsa TDC, mapayipi onse ali m'malo mwake, ndipo babu silithandiza pa imeneyi. Disitiributa ya Bosch 009 ilibe vakyumu, ndipo m'mene ndikuonera ndi imene anthu amailakwitsa koposa. Siitcheredwa injini ikulira pang'onopang'ono ayi: pondani mafuta kudutsa 3,000 rpm mpaka chizindikiro chileke kusuntha, mutchere pakati pa madigiri 28 ndi 32. Pomwe taimingi igwere mukasiya mafuta musavutike napo. Ma 009 amasiyana kuchuluka kwa madigiri amene amawonjezera, ndiye awiri otcheredwa pa 7.5 akhoza kukathera kosiyana, wina n'kudutsa malire.

Chizindikiro chikamavinavina pansi pa timing light, shafuti ya disitiributa yalekeza kapena sipuling'i ya mapointi yatopa. Kutchera sikungachize zimenezo. Chikakhala chosasuntha mukamaponda mafuta, tizitsulo tagwira dzimbiri. Kachitini ka vakyumu kayeseni poyamwa payipi yake: mbale ya mapointi isunthe ndipo isabwerere mukatseka payipiyo ndi lilime.

Moto wochedwa umafooketsa galimoto, umamwetsa petulo wambiri ndiponso umawotcha mavavu otulutsa utsi. Wolawirira kwambiri ndiye woopsa: sitata imalemedwa ngati batire yatha, ndipo pokwera phiri injini imalira ngati timiyala m'chitini. Pa Beetle phokoso la fani ndi la ekizozi limabisa kaphokoso kameneka mpaka pisitoni itabooka. Choncho yesani pamsewu: injini itatentha, lowani giya 4 pa liwiro lochepa, pondani mafuta onse pamtunda, wina akhale kumpando wakumbuyo akumvetsera. Akakamva, bwezani madigiri 2 potoza disitiributa motsata wotchi, muyesenso, ndipo mukamanga nati muunikenso ndi timing light chifukwa pomanga disitiributa imatha kusuntha.