Windo yokana kutsekedwa

Popeza m'gulu lathu la pa WhatsApp mwayamba kale kunditcha "Bambo X", ndi bwino ndifotokoze ndekha nkhani ya kapulogalamu kanga ka pa kompyuta kamene kanakana kutsekedwa pamsonkhano wa banki mkhonde, isanamere nyanga. Inde zinachitika, ndipo apongozi anga analipo. Koma zoti ndinalira n'zabodza. Linali thukuta lija.

Ndikuvomera kuti palibe anandituma kukongoletsa. A banki mkhonde ankangofuna kapulogalamu kolembamo masheya ndi ngongole, basi. Koma ine ndinakula ndi Winamp, pulogalamu yomvetsera nyimbo yomwe unkaisintha malaya mmene ukufunira, ndiye kupereka windo yotuwa ya makona anayi ndinkaona ngati kupita ku ukwati utavala patapata. Mu Windows Forms, chida cha Microsoft chopangira mawindo a mapulogalamu, kuchotsa kamzere kapamwamba kaja sikuvuta: FormBorderStyle ungoika None, windo yatsala mbulanda. Chimene sakuuza n'choti kamzereko kamachoka ndi katundu wake yense, batani lotsekera, pogwirira ukamakoka windo, zonse. Zili ngati kuthamangitsa mlonda n'kukumbukira ali kale pa depoti kuti makiyi a geti ali m'thumba mwake.

Ndiye X ndinajambula ndekha. Wofiira, wozungulira, wokhala ndi kamthunzi pansi. Sanali batani lenileni, chinali chithunzi chabe, ndipo pulogalamu inkayenera kuona ngati munthu wadina pamalopo. Za kukoka windo ndinazipezeranso nzeru. Mausi ikangosuntha, Windows imafunsa windo kudzera mu uthenga wotchedwa WM_NCHITTEST kuti, pamene paloza munthuyu ndi pati? Ukayankha 1, ndiye kuti ndi m'kati. Ukayankha 2, yomwe ndi HTCAPTION, ndiye kuti ndi pamutu pogwirira. Ine cha m'ma 2 koloko usiku, maso atafiira, ndinalemba kuti yankho lizikhala 2 paliponse. Paliponse, abale. Ndi pa X pomwe.

Zina zonse ndinachita chifukwa cha chikondi. A msungichuma athu amatseka zinthu asanasunge, ndiye pa FormClosing, pomwe pamalembedwa zochitika windo ikamatsekedwa, ndinaika e.Cancel = true kuti Alt+F4, njira yachidule yotsekera windo pa kiyibodi, isagwire, munthu azitulukira pa X wanga yekha. TopMost ndinayatsa kuti windo isamasowe kuseri kwa zina. Pa taskbar, kamzere kapansi koonetsa mapulogalamu otsegulidwa, ndinaibisa kuti zioneke zaukhondo. Ndinaiikanso mu foda ya Startup kuti izidzuka yokha kompyuta ikayaka. Mukafunsa kuti nanga sunayese kutseka? Ndinkatseka tsiku lililonse, koma ndi Shift+F5 ya mu Visual Studio momwe ndimalembera mapulogalamu, imene imaimitsa pulogalamu osadzera pa X. Aliyense wolemba mapulogalamu amatero, musandiyang'ane choncho.

Loweruka lija m'kaholo ka tchalitchi munali anthu odzaza mabenchi, pulojekita yobwereka, ndi apongozi anga aamuna pampando wa tcheya, atavala jekete ngakhale kunali kwa Okutobala. Laputopu ya gulu itayaka, windo yanga inaonekera pakhoma, ndipo mayi wina anaombera m'manja. Kenako maso anga anatsikira pa mzere woyamba, umene ndinalemba poyesa ngati manambala aatali akukwana m'kabokosi, n'kuiwala kufufuta.

Dzina: Apongozi. Ngongole: K999,999,999. Ndemanga: sabweza.

Ndinanena mwaulemu kuti, "A msungichuma, tadinani kaye pa X wofiirayo." Iwo anavala magalasi, n'kugwira mausi ndi dzanja lonse ngati akupha nsabwe, n'kudina. Dzanja lawo limanjenjemera pang'ono, ndiye windo yonse inasunthira kumanja. Anasiya, inaima. Anadinanso, inatsika. X sankathawa ayi, apa ndi pamene anthu akumanama. Ankakhala pansi pa kamuvi mofatsa, n'kumayenda nawo limodzi ngati mwana wogwira chitenje cha mayi ake pamsika. A msungichuma anapita naye pangodya ya kumanzere, anabwera naye pakati, anamukweza mpaka kudenga, ngongole ya apongozi ikuzungulira khoma lonse kuti ngakhale okhala kumbuyo asadandaule. Anthu mitu inkatsatira, kumanzere, kumanja, ngati akuonera mpira. Mkulu wina analangiza kuti, "Muzimudzidzimutsa." Ndipo a msungichuma anayesadi: anachotsa dzanja, kuyang'ana kumbali ngati zawachoka m'maganizo, kenako n'kumudumphira.

Kudumphirako kunali kudina kawiri. Ukadina kawiri pamutu wa windo, Windows imaikuza. Windo yanga inali mutu yokhayokha, ndipo yopanda malire ikakula imakwirira ndi taskbar yomwe. Khoma lonse linasanduka pulogalamu yanga, mawu oti "sabweza" ali pakatikati.

Ndinalanda laputopu. Alt+F4, zii, monga ndinaiphunzitsira ndekha. Ctrl+Shift+Esc inatseguladi Task Manager, yotsekera mapulogalamu okakamira, koma kuseri kwa windo yanga, chifukwa TopMost inkagwira ntchito bwino kwambiri. Kunena zoona, chilichonse chimene ndinalemba chinagwira ntchito tsiku limenelo, ndipo palibe wandiyamikirapo. Ndinakanikiza batani lozimitsira mpaka laputopu inafa, ndinapuma, n'kuyatsanso. Windows inadzuka, kenako pulogalamu yanga nayo inadzuka, ili nga! pakhoma, mzere woyamba uli pomwepo.

Kuyambira ndili mwana sindinapemphererepo kuti magetsi azime, koma tsikulo ndinapemphera. Sanazime. Kuzula waya wa pulojekita nakonso sikunandibwerere m'mutu, ndipo musandifunse chifukwa. Amene anatipulumutsa ndi mlembi wa gulu, mayi wachikulire amene sanagwirepo kompyuta. Anangonyamuka, n'kuvundikira diso la pulojekita ndi kope la masheya lomwe lija ndinabwera kudzalilowa m'malo.

Apongozi nthawi yonseyi sanayankhule. Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anizana m'maso, ndipo mwambo umenewu sindinauyamikirepo ngati tsiku lija. Anatsokomola kamodzi, n'kufunsa akuyang'ana khoma: "Achimwene, ndalama zimenezi ndinatenga liti?" Ndinati, "Bambo, ndi zongoyesera." Anati, "Ooh. Nanga 'sabweza' uja ndi wongoyeseranso?" Pamenepo ndiye thukuta linalowa m'maso, n'kumaoneka ngati zina zija mukunenazi.

Kukonza kwake kunanditengera mphindi zosakwana 5: kamzere kamodzi koti mausi ikakhala pa X yankho lizikhala 1. Pano imatseka bwinobwino, ndipo X akadali wokongola kuposa wa Microsoft, zimenezo ndiye sindibweza mawu. Gulu linati liganizirabe kaye, pakadali pano akulemba m'kope. K20,000 imene apongozi anabwereka kwa ine chaka chatha ananditumizira Lolemba pa foni, popanda uthenga. Mkazi wanga akuti ndiwabwezere, ine sindinaganize bwino.