Zikomo Adada, firiji ya amayi yagona ikulira

Ndikulemba izi nthawi ili cha m'ma 4 koloko m'mawa, tulo tandithawa. Magetsi anazima dzulo madzulo kuno ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, kunja kuli mdima wa ndiweyani, koma kuchipinda kwa amayi babu likuyaka ndipo firiji ikung'ung'udza pakona pake. Ndadzuka kawiri kukaika khutu ngati ndikumvetsera mwana wakhanda kupuma. Ikulira ndithu. Mulungu ndi wabwino, anthu inu.

Ambiri mukudziwa zomwe tadutsamo, sindibwereza zonse. Amayi ndi matenda awo a shuga, jakisoni m'mawa ndi madzulo, masiku aja a kuchipatala mu Okutobala, ine kugona pachitenje m'mbali mwa bedi. Mabotolo a insulin osatsegula amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, asatenthe komanso asaundane. Magetsi akazima tinkawakwirira mumtsuko wa mchenga wonyowa, akachedwa kuyaka ndinkayenda nawo khomo ndi khomo kufunsa amene ali ndi jenereta. Chiyambire pomwe namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, mtima wanga unali pa sola basi. Ndinalowa banki m'khonde chifukwa cha chimenecho. Ndalama zitangotsala pang'ono kukwana, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo n'kuuluka ine ndikuyang'ana. Ndinayambanso kusonkha.

Ndiye amayi atatuluka m'chipatala ndinapupuluma. Ndinalowa mushopu ina m'tauni, anandionetsa panelo yonyezimira, kumbuyo kwake atamata pepala lolembedwa 600W, mtengo wake wokoma. Mnyamata wina anabwera, anaigoneka pamalata, anamanga mawaya, analandira zake n'kumapita. Ikamakwana 9 koloko usiku inveta, chipangizo chosintha moto wa m'batire kuti ukhale ngati magetsi a m'nyumba, inkayamba kulira, batire latha. Ndikaimba foni, mawa. Ndikaimbanso, foni yazima. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinalira ndili m'bafa kuti amayi asandimve.

Apa ndi pomwe Adada akulowera. Dzina sinditchula chifukwa adzandikalipira, koma a ku Chibavi mukuwadziwa, bambo wachikulire wa tsidya la msewu amene anapuma ntchito ya zamagetsi, uja amayenda ndi chipewa cha ubweya ngakhale dzuwa liswe mtengo. Sindinawaitane. Anabwera okha Loweruka lina, tepi m'thumba, kamita kawo m'jumbo, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, chinthu chili padenga panucho chikundipweteka m'maso tsiku lililonse ndikakhala pakhonde. Mundilole ndikwere."

Bambo wa imvi, mawondo ovuta, anakwera makwerero obwereka ine mtima uli m'mwamba. Anayeza panelo ija. Mulitali mita imodzi ndi masentimita 60, mulifupi mita imodzi. Atatsika anakhala pampando n'kundipatsa cholembera kuti ndiwerengere ndekha, akuti mphunzitsi asaope masamu. Dzuwa likawala bwinobwino limagwetsa mphamvu ya ma watts 1,000 pamalo a mita imodzi mbali zonse. Mapanelo abwino a masiku ano amakola pafupifupi magawo 21 pa 100 a mphamvu imeneyo. Ndiye panelo ya msinkhu wa yangayo, ngakhale ikanakhala yapamwamba chotani, sikanapitirira ma watts 340. Nanga 600 ija inachokera kuti? Adada anangoti, "Inachokera ku makina osindikizira mapepala." Atayeza ndi mita masana dzuwa lili pamutu anapeza kuti ngakhale 340 yomweyo inali kutali.

Sizinathere pomwepo. Mnyamata uja anailozetsa kumwera, mbali ya ku Mzimba. Ife tili kumwera kwa equator, ndipo miyezi yozizira ino dzuwa limadutsira chakumpoto. Panelo imayenera kuyang'ana ku Karonga. Anaigonekanso pamalata penipeni popanda mpata woti mphepo idutse pansi, pamene panelo ikatentha mphamvu yake imatsika. Zinthu zitatu zolakwika padenga limodzi, ine osadziwa ngakhale chimodzi.

Panatenga miyezi kuti ndipezenso ndalama. Apa ndithokoze amayi anzanga a banki m'khonde amene anagwirizana kundibwereka ulendo wanga usanakwane, palibe anawiringula. Aphunzitsi anzanga amene munkandigwirira kalasi ndikathamangira kunyumba, Mulungu akubwezereni. Amayi a kuseri amene firiji yanu inasunga mankhwala athu pamodzi ndi mafirizesi anu a malonda, ndilibe mawu.

Ndalama zitapezeka ndinaima pamphambano, ndipo usiku wambiri sindinagone. Mapanelo enieni anali amitundu iwiri. Kwina kunali awiri abuluu aja, a polycrystalline, iliyonse 330W, onse pamodzi 660W, ndipo mtengo wa awiriwo unali wotsikirapo. Kwina kunali imodzi yakuda bii, monocrystalline, 550W, yaitali mamita awiri ndi masentimita 28, mulifupi mita imodzi ndi masentimita 13, yolemera moti munthu mmodzi sangakwere nayo makwerero. Munthu wolumidwapo kale ngati ine, mtima unkati tenga awiriwo. Nambala yake ndi yaikulu, ndalama zochepa, ndipo imodzi ikafa inayo itsala. Pagulu la WhatsApp la kubanja kwathu ndiye malangizo anagwa ngati mvula. Uyu akuti abuluu ndi achikale, uyo akuti akuda amagwira ngakhale kuli mitambo, wina kutumiza kavidiyo. Onsewo ali ku Lilongwe, pansi pa fani. Ndibwereranso kwa iwowa.

Adada sanayankhe msanga. Anandikwiyitsa pang'ono, ndivomere. Anati, "Mwana wanga, panelo sitisankhira m'shopu. Tisankhira padenga." Masiku atatu ankabwera, 9 koloko m'mawa, 12 koloko, 3 koloko masana, kudzangoima pabwalo n'kumayang'ana m'mwamba, akulemba m'kabuku kawo. Ana anga anayamba kuwaseka kuti agogo akuwerenga akhwangwala. Iwo ankatsata mthunzi wa mtengo wa mapeyala wa aneba. Anapeza kuti mbali ya denga yoyang'ana kumpoto ili ndi malo oyera okwana panelo imodzi yokha yaikulu. Yachiwiri ikanagwera mumthunzi kuyambira chakumasana. Ndipo anandifotokozera kuti mukalumikiza mapanelo awiri motsatizana, wina akaphimbika amakokera mnzake pansi, monga ng'ombe ziwiri pagoli limodzi, ina ikatsimphina ngolo yonse imachedwa.

Panalinso nkhani ya controller, kabokosi kamene kamalandira moto wochokera kudenga n'kumauthira m'batire. Kanga, ka mtundu wotchedwa MPPT, kamene kanali chinthu chokhacho chabwino pa zonse zomwe ndinagula poyamba paja, kamalola ma volts osapitirira 100. Abuluu aja iliyonse inalembedwa ma volts pafupifupi 46, awiri motsatizana 92. Ine ndinati ndiye zakwana. Adada anapukusa mutu. Manambala a papepala amayezedwa pa madigiri 25, ndipo kukazizira ma volts a panelo amakwera. Ndani sadziwa m'mawa wa Juni ndi Julayi kuno ku Mzuzu, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi? Tsiku lotero dzuwa likangoti tulukiru, 92 uja amasendera kufupi ndi malire. Kuwalumikiza mbali ndi mbali kukanatheka, koma kukanafuna mawaya okulirapo, ndipo vuto la mthunzi likanatsala pomwepo. Yakuda ija ili pa 49 ndi kakang'ono, kutali ndi ngozi.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti sananyoze abuluu aja. Anati ndi mapanelo abwino, akanakhala kuti denga langa ndi lalikulu lopanda mtengo pafupi, akanandiuza kuti nditenge amenewo ndisunge ndalama. Za kuti akuda amagwira m'mitambo anaseka mpaka kutsokomola. "Palibe panelo imene imakonda mitambo, aphunzitsi. Kukachita chifunga onse amafooka, kusiyana kwake n'kochepa. Ubwino wa yakudayi ndi woti imatulutsa zambiri pamalo ochepa, ndipo malo ndi amene mulibe." Munthu woti akanatha kungondiuza kuti gula iyi, ine n'kugula, anafuna kuti ndimvetse kaye.

Tsiku logula anandiperekeza, kamita kali m'jumbo. Anapempha mwaulemu kuti panelo aitulutse panja padzuwa. Anayeza ndi tepi, anayeza ma volts, anayeza ma amps, anasuzumira galasi ngati lili ndi ming'alu, anatsegula kabokosi ka kumbuyo. Wogulitsayo anayamba wakwinya nkhope, mapeto ake anawabweretsera mpando. Analimbikiranso kuti risiti ilembedwe nambala ya panelo yeniyeniyo ndi zaka za waranti. Kunyamula ndiye inali nkhani ina. Pakabaza sizikanatheka, tinachita kupeza kalole, ine ndi Adada kumbuyo titaigwira choimika pakati pa matiresi awiri, dalaivala akuzemba maenje.

Kuika kunatenga tsiku lathunthu. Adada sanakwerenso, mawondo anakana, koma anakhala pampando pabwalo n'kumalamula anyamata awiri a kutchalitchi kwathu ngati kapitawo. Zitsulo zoikirapo anawotcheretsa, zopendekera pang'ono chabe, cha m'ma digiri 15, kuti mvula izitsuka fumbi yokha, pansi pake mpata woti dzanja lilowe. Mabawuti anawaphwanya mitu chifukwa cha akuba. Mawaya opyapyala a mnyamata uja anawachotsa onse n'kuika a 6mm, anaika fyuzi, anakhomera chitsulo m'nthaka n'kulumikizako waya, poti ziphaliwali za kuno si zosewera nazo. Anyamata inu awiri, munadya nsima ya usipa basi n'kukana china chilichonse. Ndakuonani.

Madzulo ake anandikhazika pansi ndi kabuku kaja. Firiji yathu yaing'onoyi imadya pafupifupi yuniti imodzi patsiku, yofanana ndi mayuniti timagula aja. Panelo, tsiku la dzuwa labwino, ipereka mayuniti awiri kapena kuposerapo pang'ono. Tsiku la mvula ya mawawa mwina osafika ndi imodzi yomwe. Ndiye lamulo ndi ili: firiji poyamba, mababu, mafoni, wailesi ya amayi. Ayironi ayi. Ketulo ayi. Hotipuleti musayerekeze n'komwe. Analemba ndi dzanja lawo papepala n'kumata pamwamba pa soketi. Mwana wanga wamkulu anayesa kukambirana nawo za TV ndi mpira, anamuuza kuti ayambe waona batire lili pati ikamakwana 5 koloko.

Nditatulutsa envelopu anaibweza osaitsegula. Ndinaumirira, anakwiya zenizeni. Anati mayi awo anamwalira ndi matenda omwewa kumudzi, kalekale, kopanda firiji kopanda chilichonse, ndipo iwo anali kutali kuntchito. Sanapitirize. Ine ndinangogwada. Mawa lake ndinatumiza mwana ndi tambala, uyo yekha ndiye analandira, kenako anatitumizira ntchafu zake zophikaphika kuti amayi alawe.

Tsopano abale anga a pagulu paja. Sindikukwiya, chibale ndi fupa sichiola. Koma amayiwa anatibereka tonse. Nthawi ya chipatala munatumiza manja opemphera a pafoni, nthawi ya sola munatumiza mavidiyo. Basi ya ku Mzuzu imanyamuka tsiku lililonse, ndipo Airtel Money ndi Mpamba sizinatseke. Amene anakwera denga ndi mawondo otupa si wa magazi athu, ngakhale chilankhulo cha kwawo si chathu. Amayi amafunsa za inu madzulo aliwonse, ine ndimangoti muli otanganidwa. Musandiimbire kudzafunsa kuti ndimanena ndani. Imbirani amayi, foni yawo tsopano imakhala ndi moto.

Lero ndi tsiku la 12 chiikireni. Mwa masiku amenewa anayi kunali chifunga ndi kamvula kosalekeza kaja, phiri la Kaning'ina osaoneka n'komwe, ndipo ine ndinkangozungulira pa controller ngati nkhuku yofuna kuikira. Batire linatsika, koma firiji sinazime ngakhale kamodzi. Dzulo amayi anandiitana n'kundiuza kuti ndisiye kudzuka usiku, mankhwala ali bwino, ndigone. Ndi iwo tsopano akundilimbitsa mtima ine.

Ambuye, Inu amene munaona misozi ya m'bafa ija, muwasunge Adada. Muwapatse masiku ambiri, muchize mawondo awo, ndipo tsiku limene adzasowe wowathandiza mudzawatumizire munthu ngati mmene munawatumizira kwa ine.

Adada, pa Facebook simulipo, koma ndikudziwa kuti mdzukulu wanu akuwerengerani izi, ndipo mudzati aphunzitsi achulutsa zokamba. Yewo chomene. Panelo yabodza ija mwati tisataye, tidzaiyeze bwino n'kuipezera kabatire kake kuti iziunikira kukhitchini, ndiye ikudikira kuseri kwa chitseko mpaka mutapezako mphamvu.

Kunja kwayamba kuyera, jakisoni wa amayi ndi 6 koloko. Ndikakoleze mbaula ndiike madzi a tiyi, poti ketulo Adada analetsa.