Maiki yojambulira gitala ya metal, musathamangire yodula

Anyamata amene ayamba kujambula rock ndi metal kunyumba amakonda kundifunsa funso limodzimodzi, akuti "akulu, ndigule maiki iti kuti gitala yanga izimveka yolemera?" ndipo yankho langa limawakhumudwitsa chifukwa iwo amayembekezera dzina lachilendo lamtengo wa galimoto. Shure SM57. Basi. Kamaiki kowonda kopanda mpira wa waya kumutu kaja, kanatuluka mu 1965, kunja kamagulidwa pafupifupi madola 100, ndipo mpaka lero mukalowa mu situdiyo ikuluikulu yojambula metal mukapeza kataima kutsogolo kwa sipika ya gitala.

Chifukwa chake sichovuta. Ampu ya metal, tinene Peavey 5150 imene pano amaitcha 6505 kapena Mesa Rectifier, ikalumikizidwa ku bokosi la masipika anayi a mainchi 12 imakuwa zoopsa, pamphuno pa sipika pamenepo phokoso limatha kudutsa ma decibel 120, ndiye pamafunika maiki ya mtundu wa dynamic ngati 57, yolimba yosaopa kukalipiridwa. Komanso 57 simva zonse mofanana, imachepetsa bezi ya pansi penipeni kenaka imakweza cha pa 5 mpaka 6 kHz, ndipo pamenepo ndi pamene pamakhala mano a gitala, kukhadzula kwa pick pa nsambo. Mukaimva yokha mwina munena kuti aaa koma ndiye yaonda bwanji. Dikirani ng'oma ndi bezi zilowe. Kulemera kumene mumamva mu metal theka lake ndi bezi gitala ndi kick, ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi ija, gitala ntchito yake ndi kuboola pakati, ndipo amene amakakamira kuti gitala yokha igwedeze mawindo mix yake imangokhala matope.

Koma nkhani yeniyeni siili pa dzina la maiki, ili pa malo amene mwaiimika, ndipo apa ndi pamene anthu amachita ulesi.

Tengani tochi ya pafoni muunike pansalu ya kutsogolo kwa bokosilo, muona sipika ili ndi kachipewa kozungulira pakati, dust cap, kenaka pepala lalikulu lija, cone, likupita kumphepete. Mukalozetsa maiki pakatikati pa kachipewako mumva zakuthwa zokhazokha, distortion ikungolira ngati njuchi zatsekeredwa mu chitini. Mukaisunthira kumphepete kwenikweni zonse zimazimirira, gitala imamveka ili chipinda china. Poyambira pabwino ndi pamzere umene kachipewa kakumana ndi cone, maiki itayandikira nsalu mwina kutsala chala chimodzi. Kuchokera pamenepo muzisuntha pang'onopang'ono, ndikati pang'ono ndikunena sentimita imodzi osati dzanja lonse, chifukwa sentimita imeneyo imasintha saundi kuposa kusintha maiki ya madola 100 kuika ya madola 1,000, sindikukokomeza, yesani nokha.

Ine ndimachita chonchi, ndimakweza gain ya ampu, kopotokola kowonjezera distortion kaja, popanda woimba kuti izingochita "shhhh", ndimavala mahedifoni otseka bwino, ndikugwada pansi n'kumayendetsa maiki kutsogolo kwa sipika uku ndikumvetsera kuti shhh uja wadzadza pati popanda kulasa khutu. Ndikapeza ndimamata kaselotepi pansalu kuti mawa ndisayambirenso, poti m'nyumba muli ana sitandi ya maiki sigona pamene munaisiya. Ndipo masipika anayi aja ngakhale onse ali Celestion Vintage 30 samveka chimodzimodzi, imodzi imakhala yokoma kuposa zinzake, ndiye jambulani riff imodzi, kachigawo kakafupi ka nyimbo, pa iliyonse musankhe. Ambiri amangoika pa yakumwamba poti ndi imene ili pafupi ndi dzanja.

Chinanso, maiki ya mtundu wa cardioid, yomva kwambiri kutsogolo, ngati 57 ikayandikira kwambiri imawonjezera bezi yokha, proximity effect. Pa palm mute, "jug jug jug" uja, makamaka ngati mwatsitsa tuning kapena muli ndi gitala ya nsambo 7 imene B yake ili cha pa 62 Hz, bezi imeneyo imatha kufufuma mpaka manotsi osamvekanso. Musanathamangire EQ, chida chochepetsera kapena kukwezera bezi ndi kuthwa, ingobwezani maiki mmbuyo masentimita awiri atatu.

Nanga maiki yachiwiri? Eya ilipo nthawi yake. Yotchuka ndi Sennheiser MD 421, ya ku Germany, ya mu 1960, imene ili ndi thupi kuposa 57 ndipo kumchira kwake kuli kosinthira ka malo asanu kuchokera pa M kufika pa S kochepetsera bezi, pa gitala muzionetsetsa kuti kali pa M apo ayi mudabwa kuti mwagula chiyani. Kachogwirira kake kokha ndi kamene kamandinyansa, mukangokhudza molakwika maiki ili pansi. Ina ndi Royer R-121, ya ribbon, inabwera mu 1998, iyi ndi yofatsa, imameza zolasa zija n'kupereka mnofu wapakati, ndiye mukaiphatikiza ndi 57 zimakwanirana bwino kwambiri. Koma imadutsa madola 1,000, imamvanso kumbuyo kwake chimodzimodzi ndi kutsogolo ndiye chipinda chikakhala choipa ijambulanso kuipako, ndipo ribbon ndi kachitsulo kopyapyala zedi, phantom power ya 48V, magetsi amene mikisa imatumiza ku maiki za condenser, ikadutsa pa chingwe cholumikizidwa molakwika ikhoza kukaononga. Kwa munthu wongoyamba ine ndimati ayi, ndalama imeneyo gulani sipika yabwino.

Vuto la mamaiki awiri ndi phase, kusemphana kwa nthawi imene saundi imafikira pa maiki iliyonse. Saundi imayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye maiki imodzi ikatsalira mmbuyo ndi masentimita atatu ndi theka basi, cha pa 5 kHz pomwe pali mano paja ziwirizo zimayamba kufafanizana, mumaika mamaiki awiri gitala n'kumveka yamphako kuposa pamene inali imodzi. Ndiye muzifananiza pamene pali ma diaphragm, tizikopa ta mkati timene timamva saundi, osati mitu yakunja, poti diaphragm ya 57 ndi ya 421 sizili pa mtunda umodzi kuchokera kumphuno. Mukajambula kulitsani ma waveform pa kompyuta muone ngati akuyambira limodzi, kapena dinani batani la polarity pa imodzi, kumene bezi yachuluka ndiye kolondola.

Pali njira ina imene ndimaikonda chifukwa siifuna maiki yachilendo, amaitcha Fredman, dzina lochokera ku Studio Fredman ya Fredrik Nordström ku Gothenburg, Sweden, kumene kunajambulidwa melodic death metal yambiri ya m'ma 1990. Ndi ma 57 awiri mitu itagundana, imodzi yaloza sipika molunjika, inayo yapendekeka chammbali. Yolunjika imabweretsa kuthwa, yopendekeka imabweretsa thupi, ndipo kusemphana kwawo pang'ono kumadya "fizz" wonyansa uja mwadala. Mukasakaniza ndi mafeda awiri muli ngati ndi EQ yaulere.

Condenser yaikulu imene mumajambulira mawu ija isiyeni pa mawu pomwepo. Sikuti n'zoletsedwa, koma pa distortion yambiri imatola zonse zimene simukuzifuna, ndi malata akudenga omwe akamanjenjemera.

Tsopano chenjezo, ma SM57 a feki ndi ambiri kwabasi, pa intaneti komanso m'mashopu a zamagetsi m'tauni, bokosi lokongola dzina lolembedwa bwinobwino koma mkati zinyalala. Yeniyeni imalemera magalamu 284, ndiye ikapepuka mmanja kapena mtengo ukakhala theka la umene uli pa webusaiti ya Shure, bwererani ndi ndalama zanu. Bola mubwereke SM58 yeniyeni kwa a kwaya kutchalitchi, mkati mwake ndi pachibale kwambiri ndi 57, kusiyana kwakukulu ndi mpira wa waya uja, ndipo pa gitala imagwira ntchito ndithu. Sennheiser e609 kapena e906 nazonso n'zabwino, zili zaphwatalala moti mumangozilendeweretsa pa chingwe kuchokera pamwamba pa bokosi osafuna sitandi, ngakhale ine pojambula ndimakondabe sitandi kuti isasunthe.

Ndipo maiki simakonza zimene zaonongeka kale ku ampu. Anyamata amakonda gain pa 10 mid, saundi yapakati ija, pa 0 chifukwa mchipinda zimamveka zaukali, koma maiki ikajambula zimenezo mumangomva mchenga. Tsitsani gain mpaka muyambe kuona ngati yachepa, bwezani mid, ikani Tube Screamer, kapedulo ka overdrive, kutsogolo kwa ampu drive ili pansi level ili mmwamba kuti bezi imangike, nsambo zikhale zatsopano, kenaka imbani riff kawiri, ina kumanzere ina kumanja, kuimba kawiri zenizeni osati copy paste. Ukulu wa gitala umachokera pamenepo.

Ndikudziwa ambiri amene mukuwerenga muli nyumba ya lendi, alandilodi ali mpanda womwewo, ampu ya ma watt 100 mungoiyatsa kamodzi mawa lake mukusaka nyumba ina. Inu njira yanu ndi amp sim, pulogalamu ya pakompyuta yotsanzira ampu, ndi ma impulse response, ma IR, amene ndi bokosi la masipika ndi maiki zojambuliratu. Koma tsegulani foda ya ma IR muwerenge maina ake, muona "57 cap edge", "421 cone", "121 1 inch", ndiye kusankha kuja ndi komweku, mwangosiya kugwada pansi ndi tochi. Yambani ndi 57 ya cap edge yokha, pamzere wa kachipewa ndi cone paja, muimvere pamodzi ndi ng'oma ndi bezi musanatsegule mafayilo ena mahandiredi aja, ndipo nthawi zonse sungani DI yoyera ya gitala, saundi yake yojambulidwa isanadutse mu ampu, kuti tsiku limene mwapeza ampu yeniyeni ndi chipinda chopanda aneba mudzangoidutsitsamo.