Tsiku lomwe anandigwira ndikuba chipewa changa chomwe

Chipewa changachi mkazi wanga anachiweruza kalekale kuti chikatayidwe kudzala, koma ine ndimakana. Pogula chinali chakuda. Mtundu umene chili nawo panopa, ngakhale kukhoti sindingaulumbirire.

Pa 18 Meyi, tsiku lokumbukira nyumba zosungiramo zinthu zakale padziko lonse, lomwe bungwe la padziko lonse loona za nyumbazi, la ICOM, linakhazikitsa mu 1977, ndinati nanenso ndikaone myuziyamu ya mbiri ya mzinda wathu. Ndakhala ndikudutsa pakhomo pake kuyambira ndili mnyamata koma osalowamo.

M'katimo munali kamdima. Ndinayamba kunong'oneza mnzanga wina kuti anthuwa akuumira magetsi, wotiyendetsa n'kundimva. Anati amachitira dala, chifukwa kuwala kumasulutsa nsalu, zithunzi ndi mapepala, n'chifukwa chake amaletsanso kujambula ndi fulashi. Kugwira zinthu ndiye ayi ndithu, poti thukuta ndi mafuta a m'manja zimawononga, chitsulo chimachita dzimbiri. Ndinagwedeza mutu ngati munthu wodziwa kale.

Titafika m'chipinda cha zovala za anthu ogwira ntchito akale, chingwe cha nsapato yanga chinamasuka. Pafupi panali kathebulo koyera kopanda kanthu. Ndinaikapo chipewa, n'kuwerama. Podzuka maso anagwera pa mapu akale a mzinda, ndiye ndinatengeka kufunafuna msewu wa kwathu, womwe pamapupo unali thengo lokhalokha. Ndinakumbuka chipewa nditamva kamphepo padazi.

Pobwerera ndinapeza ana asukulu atazungulira kathebulo kaja, aphunzitsi awo ali pakalikiliki.

"Taonani ana inu mmene anthu akale ankavutikira. Mukuziona zibowozo?"

Mwana wina anali akuchijambula m'kope mwake mosamala kwambiri. Wina anafunsa ngati mwini wake anamwalira.

"Kalekale," anatero aphunzitsi.

Ine womwalirayo ndinaima kumbuyo kwawo, manyazi atandigwira. Apa m'pamene ndinaona kachikwangwani m'munsi mwa tebulo: chipewa cha mkulu wa siteshoni ya sitima. Chenichenicho, ndinamva pambuyo pake, anali atachichotsa kuti akachikonze. Ndinadikira kuti anawo asunthe, koma aphunzitsi anali atangoyamba kumene za umphawi wa makolo athu. Basi ndinatambasula dzanja pamwamba pa mitu ya ana, n'kuchitsomphola.

"Wakubaaa!"

Ana makumi atatu akakuwa m'chipinda chopanda makatani, phokoso lake silinenedwa. Mlonda anatulukira ngati wachokera m'khoma, n'kundigwira lamba wa buluku kumbuyoku, moti ndinkayenda ndi zala za kumapazi.

"Bambo, bwezani msanga."

"Achimwene, n'changa ichi."

"Inde, n'cha tonse. Ndi mbiri ya mzinda wathu. Bwezani."

Anaitana mayi woyang'anira zinthu zosungidwazo. Anafika osathamanga, akuvala magolovesi oyera. Anatiuza kuti chinthu chilichonse cha m'myuziyamu chimakhala ndi nambala yake yolembedwa pamalo obisika, ndipo nambalayo imagwirizana ndi ya m'kaundula, momwe amalembamo kumene chinachokera ndi chaka chimene anachilandira. Ndiye nkhani yathuyi, anatero, siichedwa.

Anachinyamula ndi zala ziwiri, n'kuchitembenuza, ana onse atatong'ola maso. M'katimo nambala munalibe. Munali mzere wa thukuta, tsitsi langa lotsala lija, ndi pini amene ndinalumikizira pong'ambika. Anachibweretsa pafupi ndi nkhope, kenako n'kuchitalikitsa msanga.

"Ichi si chathu," anatero mofatsa. "Zathu timazisamala."

Mlonda anandisiya lamba. Mwana wojambula uja anandiyang'ana, n'kuyang'ana kope lake, n'kutulutsa labala.

Kunyumba ndinalakwitsa kufotokoza nkhaniyi. Mkazi wanga anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo atapukuta misozi anandifunsa kuti myuziyamuyo amatsegula nthawi yanji, komanso ngati amalandira zinthu zimene munthu wabweretsa yekha mwini wake asakudziwa.