Kuchoka ku Dómuè mpaka udokotala wa kasanjidwe ka mawu a Chijeremani

Malume anga, alongo awo a amayi, anali mmodzi mwa anyamata oposa 15,000 a ku Mozambique amene anakagwira ntchito m'mafakitale a ku Germany ya kum'mawa potsatira pangano la mu 1979. Anabwerako mu 1990 dziko lija litatha, ife tili kothawa nkhondo ku Dedza. Titabwerera kwathu ku Dómuè, m'boma la Angónia, tinawapeza ali ndi jekete lachikopa, dzina lakuti madjermani, ndi Chijeremani, chilankhulo chimene analibe nacho wocheza naye. Ndiye anagwira ine.

Madzulo ankanditumiza chiganizo kuti ndibwereze. Ine ndimati "Heute ich gehe nach Hause" (lero ndikupita kunyumba), kutsata mmene Chipwitikizi chimayendera. Iwo amamenya tebulo: "Iyayi mphwanga, Heute gehe ich. Verbo, ndiye kuti mneni, sachoka pa malo achiwiri, kaya kutsogolo waikako chiyani." Ndikawafunsa chifukwa chake, amangoti Mjeremani ndi mmene alili. Funso limenelo ndi limene ndakhala ndikudyera kwa zaka zoposa khumi tsopano. Achinyamata angapo a kuno ku Tete akhala akundifunsa njira imene ndinayenda, ndiye ndiifotokoza mmene inayendera, ndi mabampu ake omwe.

Poyamba pali licenciatura, digiri yoyamba. Ine ndinakachita ya Linguística ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Kumeneko ndi kumene ndinadziwa kuti chilankhulo chathu, chimene mbali ino timachilemba Cinyanja ndi c yekha, n'chotchuka pakati pa akatswiri kuposa mmene tinkaganizira kumudzi. Sam Mchombo ndi Joan Bresnan analemba za agwirizanitsi a Chichewa mu 1987, ndipo mu 1989 Bresnan yemweyo ndi Jonni Kanerva analemba za ziganizo zoyamba ndi malo, monga "Kumudzi kunabwera alendo". Taonani mneniyo: akuti "kunabwera", osati "anabwera". Akugwirizana ndi "kumudzi", kutanthauza kuti malowo ndiye asanduka mwininkhani. Usiku wina ndinaika chiganizo chomwecho m'Chijeremani cha malume: "Ins Dorf kamen Gäste". Mawu atsatana chimodzimodzi, malo, mneni, alendo. Koma "kamen" akugwirizana ndi alendowo. Mudziwo wangokhala kutsogolo ngati munthu wosungira mnzake mpando. Pamaso zikufanana, m'kati n'zosiyana kotheratu. Monografia yanga, kafukufuku wolemba pomaliza digiriyo, inachokera pamenepa, ndipo ndi imene inanditsegulira zitseko zonse zotsatira. Choncho posankha mutu wa monografia musamangofuna wothera msanga. Sankhani funso limene mungapite nalo kwina.

Kenako chilankhulo chenichenicho. Ndinabwerera ku Tete n'kuyamba kuphunzitsa Chipwitikizi pasukulu ina ya sekondale, ndipo mumzinda muno munalibe woti n'kundiphunzitsa Chijeremani. Ndinkawerenga ndekha usiku, kutentha kwa mu Novembala kukuchita kumata pepala kudzanja, ndipo tchuthi chikafika ndimakwera basi kupita ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 1,500, kukalowa makalasi ndi kulemba mayeso. Magawo ake amayambira pa A1 mpaka C2; ine ndinanyamuka ndili ndi B2. Mphunzitsi wanga woyamba anaseka atandimva, nati ndikulankhula ngati mkulu wa pafakitale ya ku Sachsen, dera la ku Germany ya kum'mawa. Zoonadi malume anandipatsira katchulidwe ka kumeneko. Mayeso a Chijeremani a DSH, amene mayunivesite a ku Germany amafuna kwa wochokera kunja, ndinakalembera komweko nditatha miyezi ingapo ya makalasi amene bolsa, thandizo la ndalama zophunzirira, inalipira.

Bolsa imeneyo inali ya DAAD, bungwe la ku Germany lothandiza ophunzira, ndipo ndinaipeza ulendo wachiwiri. Ulendo woyamba ndinalemba kalata yodzaza ndi mawu okoma, akuti ndikufuna kuphunzira kuti ndidzatukule dziko langa. Makalata otere amalandira mazanamazana. Chaka chotsatira ndinayamba ndi ziganizo ziwiri zija, cha Chinyanja ndi cha Chijeremani, n'kunena chimene ndikufuna kudziwa ndiponso aphunzitsi amene ndikufuna kukaphunzira kwa iwo. Anandiitana. Muziwerengera chaka chathunthu kuchokera tsiku lotumiza mapepala mpaka tsiku lokwera ndege.

Mapepalawo ndi amene anandiliza kwambiri. Satifiketi iliyonse imafunika kope yotsimikizidwa, ndiponso kumasuliridwa kuchoka m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka. Pa BI yanga, chitupa cha unzika, dzina la makolo analilemba mwa Chipwitikizi, pa satifiketi ya kusekondale analilemba mmene timalitchulira kwathu. Kusiyana kwa zilembo ziwiri zokha, koma kwa Mjeremani amenewo ndi anthu awiri. Ndinayenda pa chapa, minibasi ya kwathu, katatu pakati pa Tete ndi Ulónguè kufuna kalata yonena kuti ine ndine ndemwe, ulendo wina n'kupeza wosayina wapita kumaliro. Yalani mapepala anu onse pamphasa lero, muone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana paliponse. Viza ndinakatengera ku ofesi ya kazembe wa Germany ku Maputo, ndipo chifukwa cha kalata ya bolsa sanandifunse za akaunti yotsekera ndalama za chaka chonse imene odzilipirira okha amayenera kutsegula.

Zaka ziwiri za mestrado, digiri yachiwiri, ku Germany zinandiyankha funso la malume mkati mwa mwezi woyamba, n'kundipatsa ena makumi awiri. Ajeremani amagawa chiganizo chawo m'minda, njira imene anaiyambitsa Erich Drach mu 1937. Pali munda wakutsogolo, Vorfeld, umene umalandira chinthu chimodzi chokha. Ndiye pali mizati iwiri, wakumanzere ndi wakumanja, ndipo pakati pake mpamene pamakhala zotsala zonse. Mu "Heute habe ich den Gast gesehen" (lero ndamuona mlendo), "habe" waima pamzati woyamba, "gesehen" pamzati wotsiriza. Koma mukangoika mlumikizi "dass" (kuti) kutsogolo, aneni onse amathawira kumapeto: "dass ich heute den Gast gesehen habe". Jan Koster mu 1975 anaonetsa pa Chidatchi kuti kwawo kwenikweni kwa mneni ndi kumapetoko, ndipo Hans den Besten anafotokoza kuti mlumikizi ndi mneni amalimbirana mpando umodzi: mlumikizi akakhalapo, mneni amatsala kumbuyo, mpando ukakhala wopanda munthu, mneni amasamukirapo. Nditamva zimenezi ndinawaimbira foni malume. Anandimvetsera mpaka mayunitsi kutha, n'kunena kuti, "Si zomwe ndinkakuuza zija?"

Lamulo lomweli la mneni pa malo achiwiri lili m'Chidatchi, Chiafrikaansi, Chiswidishi, Chinorowe, Chidanishi ndi Chiayisilandi, chilichonse ndi kakhalidwe kake. Chingerezi ndiye chinalitaya, kungotsala zipsera m'mafunso ndi m'ziganizo zochepa. Ntchito yathu yambiri ndi kuika zilankhulo zapachibalezi pamodzi n'kuona pamene zikupatukana.

Mbali ya matanthauzo ndiyo inandigwetsa. Ndinkaganiza kuti tizikambirana za tanthauzo la mawu ngati pabwalo la miyambi. Ndinapeza masamu okhaokha. Buku la Irene Heim ndi Angelika Kratzer la mu 1998 limatenga chiganizo n'kuwerengetsa tanthauzo lake chidutswa ndi chidutswa, ndi kachilembo ka Chigiriki kotchedwa lambda. Mayeso oyamba ndinalephera. Ndinabwereza chaputala chilichonse ndi pensulo, funso ndi funso, mpaka dzanja linazolowera. Amene munathawira ku Letras, maphunziro a zilankhulo, poopa masamu, dziwani kuti akukudikirani kutsogoloko.

Panali chinthu china chimene sindinachikonzekere. Aliyense womva kuti ndine wolankhula Chinyanja ankasangalala, n'kutulutsa kope: kodi m'chilankhulo chanu munganene chakuti? Ndinkayankha mosangalala, pakuti ambiri anali anthu abwino. Koma ndikanena kuti kafukufuku wanga ndi wa Chijeremani, nkhope zimasintha pang'ono. Galamala yoyamba yodziwika ndi dzina la Chichewa m'mayunivesite a ku America anailemba Mark Hanna Watkins mu 1937, chaka chomwecho cha Drach, ndipo womupatsa ziganizo anali Kamuzu Banda, ali wophunzira ku Chicago. Chiyambire nthawi imeneyo ife timadziwika ngati oyankha mafunso. Ine ndinkafuna kukhala wogwira kope.

Udokotala ku Germany nthawi zambiri suyamba ndi fomu, umayamba ndi munthu. Umafuna pulofesa woti akuyang'anire, amene amamutcha Doktorvater kapena Doktormutter, bambo kapena mayi wa udokotala. Ndinalembera anayi. Awiri sanayankhe, mmodzi anandiuza kuti ndipite kwa anzake a zilankhulo za mu Afirika, wachinayi, mayi wina wachikulire, anati ndimutumizire Exposé, ndondomeko ya masamba pafupifupi khumi yonena funso, zimene ena analemba kale, njira yofufuzira ndi nthawi yake. Anaibweza katatu ili yofiira ndi inki. Atavomera anandilembera kalata, komiti ya fakote inandilandira, ndipo ndinapeza ntchito m'pulojekiti yake ya zaka zitatu, yolipidwa 65 peresenti ya malipiro athunthu, monga zimakhalira kawirikawiri m'maphunziro athuwa.

Mutu wanga unali pa timawu ting'onoting'ono ta Chijeremani monga "ja", "doch" ndi "halt", timene sitisintha nkhani koma timaonetsa zimene wolankhula akuganiza kuti mnzake akudziwa kale, ndiponso malo amene timaloledwa m'nthambi za chiganizo. Anzanga olankhula Chingerezi ankavutika nato. Ine ndinali ndi "paja" ndi "-tu" m'kamwa chibadwire. "Paja dzina lako ndani?" ndi funso la munthu amene anauzidwapo kale n'kuiwala, ndipo Mjeremani amachita zomwezo ndi "noch mal": "Wie heißt du noch mal?" Sindinaike Chinyanja chambiri m'bukulo, koma ndi chimene chinkandiuza pokumba.

Popeza Chijeremani sindinayamwire, sindikanadalira khutu langa. Ndinakonza ziganizo, n'kuzisakaniza ndi zina zongosokoneza kuti woyankha asadziwe chimene ndikufuna, ndipo anthu ankazipatsa mapointi kuyambira 1 mpaka 7. Ndinafufuzanso mu DeReKo, nkhokwe yaikulu ya zolembedwa m'Chijeremani imene amasunga ku Mannheim, n'kuphunzira R, pulogalamu ya pakompyuta yowerengetsera zotsatira. Chosangalatsa kwambiri chinali "weil", mlumikizi wa chifukwa. Kusukulu amaphunzitsa kuti pambuyo pake mneni apite kumapeto, koma pocheza anthu ambiri amamuika pa malo achiwiri. Mayi wina amene ndinkachita lendi kwawo anandiuza motsindika kuti iye sangalankhule choncho, "weil das ist falsch" (chifukwa n'kulakwa). Anali atangochita chomwecho akukanacho. Ndinathamangira kuchipinda kukalemba ndisanaiwale.

Misonkhano ndi msika wa ntchitoyi. Umatumiza chidule cha masamba awiri chopanda dzina lako, anthu osawadziwa n'kuchiweruza. Ku Sinn und Bedeutung, msonkhano wa za matanthauzo, anandikana kawiri. Ku Comparative Germanic Syntax Workshop anandilandira, ndipo funso limodzi lochokera kwa mkulu wina wa ku Norway linandigwetsera chaputala chonse chachinayi. Ndinachilembanso miyezi isanu. Pomaliza pali Disputation, pamene umaima pamaso pa komiti kuteteza ntchito yako. Ngakhale upambane, dzina la Dr. sungaligwiritse ntchito mpaka bukulo litasindikizidwa, kaya ndi kampani kaya pa intaneti kudzera ku laibulale ya yunivesite. Ine ndinasankha laibulale, kuti wophunzira wa ku Furancungo athe kulitsitsa osalipira.

Zotsatira zake n'zimene achinyamata safunsa. Lamulo la ku Germany limalola makontirakiti a kanthawi kwa zaka 6 usanapeze udokotala ndi zina 6 utaupeza. Zikatha, kaya wapeza upulofesa kaya uchoke. Mu 2021 ofufuza ambiri anadandaula za zimenezi pa Twitter ndi chizindikiro cha IchBinHanna. Ndinaona anthu anzeru kuposa ine, a zaka 40, akusamuka mzinda ndi mzinda ndi sutikesi. Ndinachita zaka ziwiri za postdoc, ntchito ya kafukufuku ya omaliza udokotala, kenako ndinabwerera. Digiri inafunikanso kuzindikiridwa ku Maputo, mapepala ena, kudikira kwina.

Lero ndimaphunzitsa kasanjidwe ka mawu ndi matanthauzo kuno ku Tete, makamaka kwa amene adzakhale aphunzitsi a Chingerezi ndi Chipwitikizi. Magazini olipira sitiwapeza, ndiye ndimadalira LingBuzz, nkhokwe yaulere ya mapepala a kafukufuku pa intaneti, ndi mabuku aulere a Language Science Press. Mafunso anga ndimatumiza pa intaneti, Ajeremani n'kumayankha ine ndili pansi pa fani, magetsi akalola. Chaka chilichonse ndimayesetsa kutulutsa pepala limodzi, apo ayi anzathu aja amakuiwala.

Pa Khirisimasi ndinapita ku Dómuè ndi ziganizo 24 zatsopano, n'kukhala pakhonde ndi malume, mbatata yakachewere ili pamoto. Chijeremani chawo chinaima mu 1990, choncho kwa ine ndi chuma. Tinafika pa chiganizo cha 15, cha "weil" ndi mneni pa malo achiwiri, iwo n'kuchipatsa 1, ati Mjeremani weniweni sangatero. Atatero anakankha pepala. "Basi mphwanga, zotsalazo mawa, weil ich bin müde." Ndiko kuti, chifukwa ndatopa, mneni ali pa malo achiwiri.